Mdzukulu Wathu ndi Citsulo ca pa Cipale

Mwezi uno mutilole ticoke pang'ono pa nkhani za kwathu, tikutengereni ku England, kumene mwana wathu wamkazi agwira nchito ya unamwino. Tinapita kukamuona m'Disembala 2023, ndipo kumeneko tinapalamula kamlandu kamene mpaka lero amai a kunyumba amatikumbutsa nthawi iliyonse tikayamba kulangiza ana a eni.

Mdzukulu wathu, mnyamata wa zaka 13 pa nthawiyo, anali atalowerera m'masewera otsetsereka pa cipale cofewa. Kumene iwo akhala cipale sicigwa cokwanira, motero kuli cinyumba cacikulu conga shedi yosungiramo cimanga, ndipo mkati mwake muli citunda coumba anthu, cokutidwa ndi cipale copangidwa ndi makina caka conse. Osewera amamanga ku mapazi timatabwa tiwiri titalitali tochedwa ski. Kutsetsereka kokhako ife tinalibe nako mlandu. Cimene cinatiimitsa mutu ndi cakuti pakati pa citundaco anaikapo mwadala mabokosi aatali ndi zitsulo zonga zija timagwirira pokwera masitepe, ndipo ana ankalumphira pamwamba pake n'kumatsetsereka cam'mbali, citsulo cili pansi pa mapazi. Tinadzifunsa kuti, kodi munthu wanzeru angatenge njira yosalala bwino n'kuikamo yekha copunthwitsa?

Masewerawa si akale. Acinyamata a ski anawatengera kwa anzao a snowboard, amenenso anaonera kwa anyamata a skateboard otsetsereka pa zitsulo za m'mizinda. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Salomon inatulutsa ski yopindikira m'mwamba kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kuti munthu azitha kutera ndi kuyenda cafutambuyo, ndipo kucokera pamenepo masewerawa anafalikira msanga. Mu 2014, ku Sochi, mpikisano wochedwa slopestyle, wophatikiza zitsulo ndi malo olumphira, unalowa m'masewera a Olympic kwa nthawi yoyamba. Zonsezi anatiuza ndi mdzukuluyo m'galimoto, m'Cinyanja cake copunduka, ife tikungogwedeza mutu ngati tamva.

Madzulo amenewo anali atatha kale maphunziro a pa bokosi. Ophunzira amayambira pamenepo cifukwa bokosi ndi lotakata ndiponso lili pafupi ndi pansi. Poyamba amangolidutsa molunjika, kenaka amaphunzira kulumpha n'kutembenuka kuti ski zikhale mopingasa. Tsono tsiku limenelo linali loyamba kuti akwere citsulo ceniceni, copapatiza ngati cikhatho. Ife tinaima pa khonde la oonerera, titavala majekete awiri, mano akugogoda. Titamuona akutsika molunjika citsuloco, mtima unatithawa, ndipo tinafuula ndi liu lija timaitanira nalo anthu a kumbuyo kwa msonkhano: “Samala iwe! Pang'onopang'ono!”

Mwanayo anamva, ndipo poti analeredwa bwino, anamvera. Anacepetsa liwiro, nalumphira pa citsulo monyinyirika, thupi litapendekera kumbuyo. Mapazi anathawira kutsogolo ngati a munthu woponda khoko la nthoci, ndipo anagwa ndi ciuno pa citsulo, dzanja litapindikira pansi. Cisoti colimba cinateteza mutu. Fupa silinathyoke, koma dzanja linatupa, ndipo anakhala milungu iwiri osasewera.

Usiku womwewo tinakhala pansi ndi mai wake. Tinalankhula monga kholo, kuti ndalama za unamwino zimabwera ndi kucezera usiku, nanga n'kuzitayiranji pa cinthu cothyola ana. Kuti mpira ulipo, kuthamanga kulipo. Kuti mwanayo aletsedwe basi. Mwana wathu anatimvetsera mwaulemu mpaka tinatha mau, kenaka anati, “Atate, muyambe mwamufunsa mwini wake cimene cinamugwetsa.”

Tinamufunsa m'mawa mwake. Sanafune kutineneza. Anangotenga supuni ziwiri ndi mthiko, naika mthiko pa thebulo ngati citsulo, supuni zija mopingasa pamwamba pake, n'kuyamba kutiphunzitsa. Ndipo apa, owerenga, ndi pamene nkhani inatikhudza, cifukwa tinapeza kuti masewera amene tinkawayesa misala ali ndi nzeru yake.

M'mbali mwa ski iliyonse muli kacitsulo kakuthwa. Cinthu coyamba cimene wophunzira aliyense amaphunzitsidwa ndi kuima: amatembenuza ski mopingasa, n'kupendekera cakumtunda, kuti kacitsulo kaja kalume cipale. Amacita zimenezi kambirimbiri mpaka thupi limazicita lokha mantha akangobwera, ndipo zimamupulumutsadi. Koma pa citsulo ski zimakhalanso mopingasa cimodzimodzi, motero thupi limayesa kuti nthawi yoima yakwana, n'kupendekera kumbuyo monga linazolowera. Tsoka lake n'lakuti citsulo sicilumika. Kuthwa kuja kumangoterereka, mapazi amapita, munthu n'kutsala. Cimene wakhala akudzipulumutsa naco zaka zonse ndico cimamugwetsa.

Cifukwa cake, anatero mdzukulu, uyenera kucita zimene mtima ukukana. Thupi lilemere ca ku phazi lotsogola, kumene kukuoneka koopsako. Ski zigone kwathunthu pa citsulo, mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, maondo apindike. Maso asayang'ane mapazi koma kumathero kwa citsulo. Apa tinakumbuka ulalo wa mtengo umodzi umene tinkaolokera popita ku sukulu ya mishoni m'nyengo ya dzinja. Amene ankayang'ana madzi ndiwo ankafika m'kalasi atanyowa. Liwiro nalonso lisacepe, pakuti woyenda mwamantha amakhalitsa pa citsulo ndipo amayamba kudzandira, monga njinga imacitira mukaleka kupalasa pakati pa mcenga. Ena amafika potenga tupa n'kubunthitsa dala kuthwa kwa ski pansi pa phazi, kuti kusakole pa citsulo n'kuwagwetsa cafufumimba. Ndipo ukaona kuti ukupatuka, usalimbane nazo: tsikira m'mbali, ukayambirenso.

Kenaka anawonjezera motsitsa mau, maso ali pa mthiko: “Agogo, munati pang'onopang'ono.”

Tikuvomereza kuti mauwa anatilasa. Ife tatha zaka zoposa makumi awiri tikuphunzitsa ana ndi akulu, ndipo tinkadziyesa odziwa kusiyanitsa cenjezo ndi cisokonezo. Koma pa khonde paja sitinalangize mwana. Tinangotula mantha athu pa msana pake, pa mphindi imene anafunika kukhala wopepuka. Sitikunena kuti masewerawa alibe ngozi, iyai. Ana amathyoka manja, ena amavulala mitu, ndipo kholo limene lingakane lili ndi zifukwa zomveka. Tikadaletsa mwanayo kunyumba, tisananyamuke, bwenzi ili nkhani ina. Colakwa cathu cinali kumulola kukwera citunda, kenaka n'kumukoka malaya ali pakati pa kulumpha.

M'masiku amene anali kucira anationetsa pa foni akatswiri ake. Wina ndi Nick Goepper wa ku Indiana, ku America, dera lopanda mapiri enieni. Iye anaphunzirira pa kacitunda ka mamita pafupifupi 120 kutalika kwake, ndipo m'cilimwe ankayeserera pa zitsulo kuseri kwa nyumba ya makolo ake, atayala udzu wapulasitiki. Anapata mendulo ku Sochi mu 2014, ku Pyeongchang mu 2018, ndi ku Beijing mu 2022. Koma amene anatigwira mtima ndi Jesper Tjäder wa ku Sweden. M'Meyi 2022, ku Åre, anatsetsereka pa citsulo cimodzi mtunda wa mamita 154.49, ndiye kuti pafupifupi bwalo la mpira limodzi ndi theka. Anakwanitsa pa ulendo wa 127. Ife, amene masamu tinawaphunzira ndi cikoti, tinacotsera msanga: maulendo 126 katswiri wa dziko lonse anatsika citsulo cisanathe, nabwerera kumtunda. Tinayesa kuganiza kuti akadakhala ndi agogo ake pambali ofuula ulendo uliwonse, akadafika pa ulendo wacingati.

Za kuletsa sitinazichulenso. Akulu anati mwana akalirira nyanga ya msatsi msemere, imufotere yekha, ngakhale kuti sitikudziwa ngati nyanga iyi idzafota. Mai wake anangoika malamulo ake: cisoti nthawi zonse, zochinjiriza manja, ndipo citsulo catsopano asakwere mphunzitsi asanavomereze.

Kutatsala masiku atatu kuti tibwerere ku Zambia, dzanja linali litaphwa, ndipo tinapitanso ku cinyumba cija. Tisanatuluke m'galimoto amai a kunyumba anatigwira mkono nati, “Bambo, lero pakamwa mutseke. Mukafuna kufuula, mufuulire m'thumba la jekete.” Ulendo woyamba mnyamata anapatuka atangokwera. Waciwiri anagwa ndithu, cipale cili buu, ndipo tinaluma mlomo mpaka tinamva kukoma kwa magazi. Ulendo wacisanu tinamva kulira kwa ski pa citsulo, kulira konga kwa mpeni pa mwala wonolera, ndipo kunapitirira mpaka cakumapeto, kumene anatsikira m'mbali ali ciimire, kutatsala mwina mikono iwiri. Sanatiyang'ane n'komwe. Anakokera cisoti cake bwino, nalowa pa mzere wa ana okwera kumtunda.