Njinga Yanga Sinafe, Inangogona ndi Petulo M'kamwa

Anzanga, tamvani izi, mtima ukukana kuti ndikhale chete. Loweruka lapitali ndinamasula kabuleta ya njinga yanga yamoto ndi manja angawa, ndinaitsuka, ndinaibwezera, ndipo njinga inalira! Inalira ndithu, ine ndili chilili pambali pake, zala zikununkha petulo, mano onse pamtunda.

Ndimakhala ku Leicester, kuno ku England. Chaka chatha ndinagula njinga yakale ya 125cc, ya ku Japan, yoliza ndi kiki, kuti ndiziyendera popita kuntchito. Inanditumikira bwino mpaka mu Novembala, pamene chisanu cha kuno chinafika, chija dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, misewu n'kumaithira mchere kuti isaterere. Mcherewo umadya zitsulo, choncho ndinailowetsa m'kashedi kakuseri, batire n'kuchotsa, ndikuifunditsa bulangete lakale. Thanki inali yodzaza ndithu. Ndinatseka chitseko mtima uli m'malo.

Kumapeto kwa Malichi, sabata imene amasintha mawotchi, ndinatsegula shedi ija. Fungo lake! Silinali la petulo amene timamudziwa, linali lowawasa ngati la penti yokhalitsa. Pansi pa injini panali banga lalikulu lakuda. Nditagwedeza njinga, m'thanki munangomveka katsalira kakulira pansi penipeni. Ndinayamba ndaganiza kuti wina waba, koma loko anali bwinobwino. Kenako ndinati thanki yabooka, koma nditaisisita paliponse inali youma. Ndinathiramo petulo watsopano, ndipo posakhalitsa kapayipi kakuda kolendewera pansi pa injini kanayamba: tho, tho, tho. Ndinaponda kiki mpaka mwendo kuwawa. Ndikakoka choki imalira pang'ono mokhosomola, ndikangobweza choki, zii.

Ndikuuzeni zoona, ndinataya mtima. Ndinati injini yafa basi, ndigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Ndipo mawu oti kabuleta ankandiopsa, ndinkaiyesa ngati wotchi yam'manja, yoti ukangoitsegula tizidutswa timadumphira uku ndi uku osabwereranso.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinadandaulira bambo ena akwathu, amene anagwirapo ntchito ya umakaniko ku Ndirande asanabwere kuno. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa: "Achimwene, kampopi ka pansi pa thanki munakasiya pati?"

"Pa ON, bambo."

"Miyezi inayi yonseyi?" Anagwedeza mutu uku akumwetulira. "Njinga yanuyo sinafe ayi. Yangogona ndi petulo m'kamwa."

Anandiuza kuti ndiitanitsiretu kapaketi kokhala ndi singano ya fuloti ndi gasiketi yatsopano, ndi chitini cha mankhwala opopera otsukira kabuleta. Loweruka anabwera ndi kachikwama ka zitsulo, natsegula chitseko cha shedi kuti mphepo izidutsa, nandichenjeza kuti pasayandikire moto kapena ndudu. Kenako anakhala pa ndowa yovundikira n'kupinda manja. "Ine lero ndi pakamwa pokha. Manja ndi anu. Chilichonse musanachimasule, chijambuleni pafoni."

Tinatseka kampopi kaja. Pansi pa kabuleta pali kabakuli kamene petulo amadikiriramo, ndipo kali ndi kasikulu kokhuthulira. Nditakamasula, m'botolo lagalasi munagwera zinthu zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pansi pake panakhazikika kadontho kozungulira, koyera. Madzi, anzanga! Madzi m'njinga imene mvula sinaikhudzeko! Bambowo anandifotokozera kuti kuyambira mu Seputembala 2021 petulo wamba wa kuno ndi E10, wosakaniza ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100 alionse, ndipo ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Petulo akakhalitsa, mbali yake yopepuka, imene imayaka msanga, imauluka, n'kutsala utomoni. Ndinati nanga kwathu bwanji, poti ethanol wa ku Dwangwa akhala akumusakaniza ndi petulo kuyambira 1982? "Eya," anatero, "koma munaionapo njinga ya kabaza itagona miyezi inayi? Petulo wa m'mawa, madzulo watha."

Ndinamasula zomangira za mbali zonse ziwiri, ndinatsegula kachivindikiro kapamwamba n'kusolola chotsekera cholumikizidwa ku waya wa mafuta, ndinagwedeza pang'ono, ndipo kabuleta inatuluka. Kachinthu kokwana m'dzanja limodzi! Chimene ndinkachiopa chaka chonse, kulemera kwake ngati bango laling'ono. Pa masikulu a kabakuli bambowo anandionetsa kadontho kakang'ono pamutu pa sikulu iliyonse. Ati chimenecho ndi chizindikiro cha masikulu a mtundu wa JIS, a ku Japan, ndipo ukawakakamiza ndi chomasulira wamba amabudula mutu. Anandipatsa chawo, nati ndikanikize mwamphamvu ndisanapotoze. Sikulu inalira kuti the, n'kuyamba kuyenda.

Kabakuli katatseguka ndinaona ulimbo weniweni, wachikasu chobiriwirako, utamata pansi ponse. Ndipo pamwamba pake panali fuloti, kapulasitiki koyandama. Mukudziwa thanki ya chimbudzi chamadzi, mmene kampira kamakwerera madzi akamadzaza mpaka kutseka? N'chimodzimodzi! Petulo akadzaza kabakuli, fuloti imakwera n'kukankha kasingano kamene kamatseka khomo. Ndinasolola kachitsulo kogwira fuloti, kasingano kaja kanagwera m'manja mwanga, kakang'ono ngati njere ya mpendadzuwa, kansonga ya labala. Nditakayang'anitsitsa ndinaona kamzere kozungulira nsonga, pamene panadyeka, ndi kachidutswa ka dzimbiri katamatirira mu ulimbo. Basi, wakuba wanga ndi ameneyo! Khomo silinkatsekeka, kampopi kali pa ON, thanki ili pamwamba, ndiye petulo ankangotsika yekha usana ndi usiku, kudzaza kabakuli, kusefukira m'kapayipi kakuda kaja mpaka pansi.

Koma chimene chinanditenga mtima kwambiri ndi majeti, timikuwa tiwiri tokhala ndi bowo pakati. Yaikulu imamwetsa injini mukamathamanga, yaing'ono imaimwetsa ikamalira pang'onopang'ono njinga itaima. "Ikwezeni kudzuwa," anatero bambowo. Mu yaikulu ndinaona kuwala. Mu yaing'ono, mdima bii. Apo ndi pamene zonse zinandilowa m'mutu: choki imatsekereza mpweya kuti injini ikoke petulo wambiri, n'chifukwa chake inkalira ndikakoka choki, n'kuzima ndikabweza. Njinga inkandiuza vuto lake tsiku lomwe lija, kungoti chinenero chake ndinali ndisanachidziwe.

Ndinavala magalasi oteteza maso, ndinapopera mankhwala, ndinadikira, ndinapoperanso. Ndinkafuna kutokosa ndi singano yosokera, bambowo anandigwira dzanja: chitsulo cholimba chimakuza bowo, njinga n'kuyamba kumwa mopitirira. Anasenda waya wamagetsi nandipatsa kaulusi kamodzi ka kopa wofewa. Ndinakalowetsa mosamala, ndinapemerera ndi pampu, ndinakwezanso kudzuwa. Kanyenyezi, anzanga! Kakuwala kakang'ono zedi, kozungulira bwino, ndipo ndinafuula mpaka galu wa oyandikana nawo anauwa.

Taganizani: m'kabuleta imeneyi mulibe pampu, mulibe magetsi. Injini ikakoka mpweya, mpweyawo umadutsa pakhosi popapatiza, umathamanga, ndipo kuthamanga kwakeko kumayamwa petulo kudzera m'majeti, monga kapampu kakale kopopera udzudzu kankachitira. Magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera, kusakanikirana kokhakokha, ndi timabowo basi. Ndani sangadabwe nazo?

Tisanamange, bambowo anandiuza kuti ndisolole kandodo koyezera oyilo ndinunkhize, chifukwa petulo wosefukira nthawi zina amalowera mu injini n'kusungunula oyilo, ndipo kuyenda naye wotero n'kupha injini. Kafungo kanalipo pang'ono, choncho tinasintha. Tinatsukanso kasefa ka pa kampopi, mmene munali timchenga ta dzimbiri, tinapukuta pulagi, ndinaika kasingano katsopano ndi gasiketi, ndikubwezera zonse motsatira zithunzi za pafoni. Palibe sikulu imene inatsala pansi.

Ndinatsegula kampopi ndikugwada, maso pa kapayipi kakuda. Mphindi imodzi, ziwiri, zitatu. Gwa, kouma! Ndinakoka choki, ndinaponda kamodzi, kawiri, kachitatu inabangula. Mtima uli phaphapha ndinadikira kuti itenthe, kenako ndinabweza choki pang'onopang'ono. Du du du du, mofatsa, mosadukiza. Bambowo ananyamuka pa ndowa paja nandigwira chanza ndi manja awiri. "Mwaona, achimwene? Yadzuka."

Novembala akubwerayu ndikudziwa chochita. Ndidzadzaza thanki ndi petulo wa E5, wa ethanol wochepa, kuti m'kati musachite dzimbiri, ndidzathiramo mankhwala osungitsa petulo, kampopi pa OFF, kenako ndidzamasula kasikulu kaja kuti kabakuli kagone kouma. Ntchito yosatha ndi mphindi khumi zomwe.

Inu amene njinga yanu yagona m'shedi ikununkha penti yakale, chonde musaigulitse msanga. Pezani munthu wodziwa akhale pambali panu, koma manja akhale anu. Yalani nsanza yoyera, tsegulani chitseko, jambulani, masulani. Ndipo mukafika pa kajeti kakang'ono kaja, tulukani nako panja, tsinzinani diso limodzi, mukakweze kudzuwa mpaka kanyenyezi kaoneke.