Atisiyireko Timabatani Titatuti

Musanapite patali, taipendeketsani kaye foni yomwe muli nayo m'manjayo muone m'mbali mwake. Ambiri a inu mupezamo timabatani titatu: kokwezera mawu, kotsitsira mawu, ndi koyatsira kaja. Ndi tokhato tatsala pa mabatani onse amene tinakula nawo. Tsono papita zaka zingapo kukumveka mphekesera zoti opanga mafoni akufuna kudzachotsa ngakhale titatuto, kuti foni idzangokhala galasi losalala ngati sopo wongomasula kumene, yopanda podina paliponse. Ine ndimagulitsa tomato, anyezi ndi masamba pamsika wina mu Lilongwe muno. Masana msika ukazizira ndimakonda kuwerenga nkhani zoterezi, ndipo iyi yokha yandikhala pamtima. Ndiloleni ndikuuzeni chifukwa chake.

Ngati muli a msinkhu wanga, mukuikumbuka Nokia 3310 yomwe inatuluka mu 2000, ndi mng'ono wake Nokia 1100 wa kathochi kumutu uja, wa mu 2003. Mukukumbukanso timafoni tija tinkati mose wa lero. Pa mafoni amenewo chala chinali ndi maso akeake. Pa batani la 5, kapena pambali pake, opanga ankaikapo kadontho kotukuka kuti chala chikakakhudza chidziwe kuti 2 ali pamwamba, 8 pansi, 4 kumanzere, 6 kumanja. Atsikana a m'kalasi mwathu ankalemba uthenga wonse dzanja lili m'thumba la siketi, nkhope ili ku bolodi ngati akumvetsera aphunzitsi.

Mabataniwo sanachoke tsiku limodzi ayi, anachita kumathothoka ngati mano a agogo. Mu 2007 kampani ya Apple inatulutsa iPhone yoyamba, kutsogolo kwake kuli batani limodzi lokha. Mu 2016, pa iPhone 7, batani lija linasiya kulowa m'kati, linangokhala malo oti ukapanikiza foni imanjenjemera pang'ono kuti uziona ngati wadina. Mu 2017, pa iPhone X, analichotseratu. BlackBerry, foni ya mabwana yodzaza ndi timabatani ta zilembo ija, inazimiririka, moti mu January 2022 eni ake anasiya kusamalira mafoni awo akale. Atatha nazo za kutsogolo, anatembenukira m'mbali. Mu 2018 HTC inagulitsa foni yotchedwa U12+ yomwe mabatani ake a m'mbali sankabonyezeka. Mu 2019 Vivo ndi Meizu anaonetsa mafoni opanda batani ndiponso opanda bowo lolowetsa tchaja, ndipo chaka chomwecho Huawei inatulutsa Mate 30 Pro yopanda mabatani a mawu. Ukafuna kukweza mawu unkayenera kugogoda kawiri m'mphepete mwa galasi kenako n'kutsetsereza chala. Ndiye mukamva nkhaniyi musamati ndi maloto, anthu anayesapo kale.

Sindikuti opangawo ndi opusa. Zifukwa ali nazo, ndipo zina ndikuzidziwa bwino kuposa iwo. Batani lililonse ndi bowo pathupi la foni, ndipo pamene pali bowo fumbi ndi madzi zimalowa. Bwerani pamsika mu October muone fumbi lake, mubwerenso mu January muone matope. Batani ndi chinthu choyenda, ndipo choyenda chimatha. Ndani wa ife sanakhalepo ndi foni yomwe batani loyatsira linamira, mpaka kumalitokosa ndi kamtengo ka machesi? Iwo akuti akachotsa zimenezi foni idzalimba, madzi sadzalowa, m'kati mudzapezeka malo owonjezera, komanso idzakongola. Zonsezo ndamva. Koma akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba ndi iyi. Batani lenileni limauza chala chako pamene lili usanalidine. Galasi silikuuza kanthu mpaka utaliyang'ana. Tsono maso a munthu wa pamsika ali ndi ntchito kale. Diso limodzi lili pa kasitomala amene akusankha mulu wa tomato uku akupempha banyira, lina lili pa mwana amene akuzungulira benchi ngati akusewera koma akuwerengera anyezi. Foni yanga imakhala m'kachikwama ka m'chiuno, pansi pa epuloni, pamodzi ndi ndalama. Ikalira ndili pakati powerenga chenje, ndimangopapasa pamwamba pa nsalu, kupeza kabatani ka mawu, kudina kamodzi, iyo zii. Sindinaitulutse, sindinaiyang'ane, ndipo wakuba amene wayima potero sanaone kuti ndili ndi foni yanji. Inu amene munaberedwapo m'depoti mukudziwa kuti foni imabedwa nthawi imene waitulutsa.

Palinso mauthenga a mawu. Amene ndimapikulako tomato ku Lizulu salemba, amangojambula mawu pa WhatsApp. Ndikamamvetsera, akangofika ponena mtengo wa dengu, chala changa chimakhala chili kale pa kabatani kotsitsira mawu, chifukwa mnzanga wa benchi yoyandikana nayenso ali ndi makutu, ndipo timagulitsa katundu mmodzimodzi. Musaseke, bizinesi ndi imeneyo. Kasitomala akalipira kudzera pafoni, kapena ine ndikatumiza ndalama ya katundu, ndimadina koyatsira ndi kotsitsira mawu pamodzi, chithunzi cha uthenga chija chasungika. Umenewo ndiye umboni wanga tsiku lomwe wina adzati ndalama sinafike.

Nyerere yachiwiri ndi madzi. Galasi la foni silimva kulemera kwa chala monga ena amaganizira. Limamva timagetsi tochepa kwambiri tomwe timadutsa pakhungu la munthu. Madzi nawonso amayendetsa magetsi, n'chifukwa chake dontho likagwera pa sikirini foni imayamba misala, kutsegula zomwe sunaitume. Tsono wogulitsa masamba manja ake amauma nthawi yanji? Mpiru, rape ndi chayinizi zimafuna kuwazidwa madzi tsiku lonse kuti zisafote. Pitani kwa amayi a nsomba zaziwisi, kwa abambo a pabutchala, kwa anyamata a chipisi manja ali noninoni ndi mafuta. N'chifukwa chake ambiri a ife timayenda ndi mafoni awiri. Yaikulu ndi ya WhatsApp ndi zithunzi za katundu, pomwe kakang'ono ka mabatani ndiye ka ndalama. Ukadina *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba pa kafoni ka mabatani, chala chimadziwa kuti chadina kamodzi. Pa galasi lonyowa ziro mmodzi akhoza kubereka mnzake, 5,000 n'kusanduka 50,000, ndipo umenewo ndi mpamba wa munthu.

Nyerere yachitatu ndiyo imandiopsa kwambiri. Opanga mafoni akamalingalira, amaona foni ili yatsopano, yotuluka m'katoni, m'manja mwa munthu woti ikavuta abwerera nayo kushopu. Koma foni zimenezo kuno zimatipeza zitakalamba. Zimabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni, zimapezeka pamatebulo a m'mbali mwa msewu, zina galasi lili ndi mng'alu kale, batire itatopa. Foni yokalamba imakonda kuuma: sikirini yangoti njo, kaya usisite bwanji. Kale tinkangotsegula kumbuyo, kuchotsa batire n'kubwezeretsa. Lero batire anaimatira m'kati. Chomwe chatsala ndi kupanikiza batani loyatsira kwa kanthawi, pena pamodzi ndi lotsitsira mawu, mpaka foni izime n'kudzukanso. Akonzi a mafoni nawonso akafuna kuifulasha amalowera pa mabatani omwewo.

Tsono batani lonamizira lija limadalira kachipangizo komva kupanikiza ndi kamota konjenjemeretsa, ndipo zonsezo zimafuna moto. Amene anagwirapo iPhone 7 itazima akudziwa: ukapanikiza batani lakutsogolo zimangokhala ngati ukupanikiza tebulo. Mwina akatswiri adzapeza njira yoidzutsira foni yopanda batani ikauma. Funso langa ndi loti njirayo adzaikwanitsa mnyamata wa kakontena kuseri kwa msika wathu, amene zida zake ndi kasikuludiraiva, chowotcherera ndi galasi lokulitsira zinthu? Lero batani likafa amasintha kachingwe kopyapyala ka m'kati, ndimalipira phindu la tsiku limodzi kapena awiri, madzulo foni ndatenga. Batani likadzakhala mbali ya galasi kapena ya thupi lonse la foni, kufa kwake kudzakhala kugula theka la foni. Kwa munthu amene foni anaigula ndi ngongole ya banki m'khonde, kumeneko ndi kutseka benchi.

Ndipo si za ife amalonda tokha. Mayi anga kumudzi maso anayamba kuchita nkhungu. Achimwene anawatumizira foni yaikulu yokongola, koma ili m'sutikesi, yokulungidwa m'kansalu. Amati zala zawo, zomwe zagwira khasu zaka zonsezi, galasi limazikana. Amagwiritsa kafoni ka mabatani, ndipo amadziwa kuti loyankhira lili kumanzere, lodulira kumanja, ngakhale pakati pa usiku opanda nyali. Ganizirani za anzathu osaona. Pa mafoni a Android pali pulogalamu yotchedwa TalkBack yomwe imawawerengera zomwe zili pa sikirini, ndipo njira imodzi yachidule yoiyatsira ndi kupanikiza mabatani awiri a mawu nthawi imodzi. Munthu wosaona akaigwira foni, mabataniwo ndi amene amamuuza kumene kuli kumutu ndi kumene kuli kumiyendo.

China mwina simukuchidziwa, ndipo ndikufuna muchisunge, makamaka inu amayi anzanga. Pa mafoni ambiri a masiku ano, ukadina batani loyatsira kasanu mofulumira, foni imatha kuyimba nambala ya pangozi, ndipo ina imatumiza uthenga kwa anthu amene unawasankhiratu wowauza pamene uli. Zimafunika kuzitchera kaye mu settings. Ine ndimadzuka 4 koloko m'bandakucha kukadikira galimoto ya tomato, m'thumba muli ndalama zopikulira, njira ili mdima. Dzanja langa limakhala m'kachikwama, chala chili pa kabatani kameneko. Munthu akakutsekera njira sakupatsa mpata woti utulutse foni, uyang'ane, usisite. Chimene ungachite uli chinjenjemere, osaona, ndi kudina basi.

Chondilimbitsa mtima n'choti nkhaniyi sinathe. Huawei, itachotsa mabatani a mawu mu 2019, inawabwezeretsa pa Mate 40 Pro mu 2020. Apple, yomwe kunkamveka kuti ndiyo idzatsogolere kuwachotsa, mu 2024 inawonjezera batani lina la kamera pa iPhone 16. Ku magalimoto nakonso zinachitika. Opanga anasamutsira pafupifupi chilichonse pa sikirini, madalaivala n'kumachotsa maso pamsewu pofuna kungosintha kanthu kakang'ono. Bungwe loyesa chitetezo cha magalimoto ku Ulaya, Euro NCAP, linalengeza kuti kuyambira 2026 liziyang'ananso ngati zinthu monga hutala, maindiketa ndi mawaipa zili ndi pogwira penipeni lisanapereke nyenyezi zisanu. Volkswagen nayo inanena kuti ibwezeretsa mabatani m'magalimoto ake. Dalaivala ndi mayi wa pamsika vuto lawo ndi limodzi: maso ali ndi ntchito ina.

Mwina mukuti, nanga ife a kuno atimvera ndani? Taonani mafoni omwe adzaza m'misika yathu. Tecno, itel ndi Infinix onse ndi a kampani imodzi ya ku Shenzhen ku China, yotchedwa Transsion. Inalanda msika wa mu Africa muno chifukwa inachita kudzafufuza zomwe timafuna: malo a ma SIM awiri, batire yokhalitsa poti magetsi ndi osadalirika, ndi kamera yojambula bwino khungu lakuda. Ine monga wamalonda ndikudziwa kuti amene amapikula zomwe iye wakonda, osati zomwe makasitomala akufunsa, madzulo amabwerera ndi tomato wowola. Lamulo limeneli silisankha kuti uli ndi benchi kapena fakitale. Ndalama zathu ndi zochepa pa munthu mmodzi, koma tilipo ambiri, ndipo ogulitsa m'mashopu amauza owapikulitsa zomwe zikuyenda ndi zomwe zikugona.

Choncho tsiku lomwe mudzapite kukagula foni, musadzangofunsa za kamera ndi ma GB. Mudzaigwire ndi dzanja limodzi, mutseke maso, muone ngati mungathe kuitsitsa mawu ndi kuizimitsa. Mudzafunse kuti ikauma imadzuka bwanji, ndipo batani likafa akonza ndani, pa mtengo wanji. Ikalephera mayeso amenewa mudzaisiye pa kauntala, ndipo mudzamuuze wogulitsayo chifukwa chake.

Ndikudziwa kuti pakati pa inu owerenga pali akonzi a mafoni, pali a kabaza amene amayankha foni atavala magolovesi, pali anamwino, pali asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, palinso ena amene nkhaniyi achita kuwerengeredwa ndi TalkBack. Inu ndi amene mukudziwa zomwe ine wa tomato sindikuziona. Tandiuzani, pa ntchito yanuyo, ndi batani liti lomwe simungalole kuti alichotse?