Thabwa Lotikwanira

Ife a kwaya kuno ku Balaka tidasonkha ndalama kuti tigule thabwa loikapo tizipangizo tija woimba gitala amaponda ndi phazi posintha kamvekedwe. Anyamata adafuna lalikulu lonyezimira, lokwana tizipangizo khumi. Koma tili nato titatu tokha: kochunira nsambo, kobwereza mau ndi kokometsa liu, kalikonse nkamasentimita 7 m'lifupi ndi 13 m'litali.

Tsono mkulu wina adafunsa: "Ana inu, nanga tikaitanidwa kutsidya kwa Shire, ku Machinga, chithabwa chimenecho adzachikweza ndani panjinga?" Tonse tidangoti duu.

Tidayeza tizipangizo tathu pamodzi ndi zingwe zake, ndipo mmisiri adatipalira thabwa la masentimita 40, kusiya malo a kachipangizo kamodzi ka m'tsogolo. Ndalama zotsala tidagulira nsambo ndi mabatire.

Abale, Alleluya Band idayamba pa parishi ya Balaka mu 1978, ndipo chimene tidaikondera ndi nyimbo zake, osati kuchuluka kwa zida. Tisadzisenzetse katundu wongoonetsera anthu. Chotikwanira ndi chimene tingathe kufika nacho kumene Akhristu anzathu akutidikira.