Foni ikazima ku Marondera, adzakufunani ndani?

Abale ndi alongo mwa Khristu, makamaka inu amene mwalembetsa kale mayina pa ulendo wa kwa Bernard Mizeki mwezi wa June uno, lero ndikufuna tikambirane za foni. Ndikudziwa wina anena kuti a Reader asowa chonena, asiya Mawu ayamba za mabando ndi tokotaimu. Ndipirireni pang'ono, ku Mawu tifikako.

Njira yake ambiri mukuidziwa. Basi imanyamuka mu Lusaka kusanache, titatola anzathu a ku Chelstone, Kabwata ndi Woodlands, n'kudutsa Kafue, kutsika mapiri aja mpaka pa Chirundu. Mukawoloka mlatho wa Zambezi, netiweki ya kwathu imakuperekezani kamtunda pang'ono ngati mlendo, kenako imabwerera. Kutsogolo kuli Makuti, Karoi, Chinhoyi, Harare, ndiye makilomita ena pafupifupi 70 kukafika ku Marondera. Mtunda wonsewo muli m'dziko la eni.

Bando imene munagula pa kantemba ka pafupi ndi kwanu ndi ya muno mu Zambia. Kunja mitengo ndi ina, ndiye kaya muli pa Airtel, MTN kapena Zamtel, pitani ku shopu yawo mukafunse za roaming musanakwere basi, osati mutafika pa boda. Mukasiya data ili yoyatsa, foni imadzitsitsira yokha zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu onse amene mulimo, tokotaimu n'kutha inu mukuimba nyimbo. Njira ina ndi kugula SIM ya komweko, ya Econet kapena NetOne, ndipo amafuna pasipoti polembetsa. WhatsApp yanu imakhalabe pa nambala ya ku Zambia ngakhale mutasintha SIM, bola musaifafanize kapena kuvomera kusintha nambala. SIM yanu ya kuno muisunge bwino, paja ndi momwe muli ndalama zanu za Airtel Money kapena MoMo. Manambala a kunyumba muwalembe oyamba ndi +260, a ku Zimbabwe ndi +263. Ndipo tengani power bank yodzaza. Ku Marondera ndi kumtunda, June kumazizira koopsa, batire imatha msanga, pomwe ofuna kuchajitsa ndi khamu.

Zimenezo n'zosavuta, achinyamata athu akhoza kukuphunzitsani kuposa ine. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi china.

Masiku ano ulendo uliwonse umayamba ndi gulu la WhatsApp. Ndi chinthu chabwino, sindikuchinyoza. Koma chatipatsa chizolowezi choipa: mtsogoleri akalemba kuti basi yasuntha, ili kuseri kwa matenti, tinyamuka 14 hours, mtima wake umakhala pansi ngati wauza aliyense. Anthu makumi awiri ayankha ndi kachala koloza kumwamba, iye n'kuona ngati nkhani yatha. Manje amene sanayankhe ndi ndani? Ndi amayi aja a Mothers' Union a zaka 70 ndi kafoni kawo ka mabatani, kamene kanangokhala chete kuyambira pa Chirundu. Ndi bambo amene anakongola ndalama ya basi, ndipo ya SIM yatsopano alibe, koma manyazi sangamulole kunena. Ndi mtsikana wa kwaya amene foni yake inazima usiku. Pa chikondwerero chija pamasonkhana anthu zikwizikwi ochokera m'madayosizi ambiri, amayi onse avala yunifomu yofanana, chilankhulo chimene chikumveka kwambiri ndi Chishona. Munthu akhoza kukhala mamita zana okha kuchokera pa basi yake, koma atasowa ndithu.

Tsegulani Luka mutu 2, kuyambira ndime 41. Nawonso unali ulendo wa gulu, wa chaka ndi chaka, wopita ku Paska ku Yerusalemu. Pobwerera, Yosefe ndi Mariya anayenda tsiku lathunthu akuganiza kuti Yesu, wa zaka 12, ali penapake pakati pa achibale ndi anansi. Onani, sanali makolo osasamala. Amenewa ndi omwe anathawira naye ku Ejipito ali khanda. Chimene chinawapusitsa ndi gulu lomwelo: anthu ambiri, onse odziwika, onse abwino, ndiye aliyense ankaganiza kuti wina ali naye. Anakamupeza m'Kachisi patapita masiku atatu. Ife timafulumira kulalikira za yankho limene Yesu anapereka pamenepo, ndipo n'lozama zedi. Koma ine ndimaima pa usiku woyamba uja, mayi akuyenda kuchoka pa moto wina kupita pa moto wina, kufunsa ngati amuona mwana wake. Akanakhala ndi WhatsApp, mwina akanalemba m'gulu m'mawa, wina n'kuyankha kuti ndinamuona, ali kumbuyoko, iwo n'kuyendabe tsiku lonse lomwelo.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndalinena kale kwa okonza ulendo. Munthu aliyense akhale ndi mnzake mmodzi amene akumuyang'anira ndi maso, osati pa foni. Wachinyamata amene ali ndi data atenge wachikulire mmodzi, adziwe pamene wagona, pamene wakhala pa Misa, ndipo basi isasunthe asanamugwire dzanja. Aliyense avale m'khosi kapena apinire m'kati mwa chovala kapepala kolembedwa dzina lake, parishi, nambala ya basi, ndi nambala ya ku Zimbabwe ya mtsogoleri, kuti ngakhale Mshona amene sanamuonepo athe kumuimbira. Tikangofika, tisankhe malo amodzi osasuntha, mtengo kapena chipata, kuti wosokera akaime pomwepo osayendayenda. Ndipo powerenga anthu m'basi tiitane mayina, aliyense ayankhe ndi pakamwa pake. Zoti "tonse tilipo eti?" anthu n'kuyankha "eee" pamodzi, zimenezo ayi.

Inu amene mudzakhale ndi intaneti, hotspot yanu ndi mphatso ya Mpingo kwa masiku amenewo. Musanaike vidiyo ya kwaya pa Facebook, funsani agogo amene mwakhala nawo ngati ana awo ku Kabwata amva kuti anafika bwino. Kunyumba kuli anthu amene sagona. Amamva za ngozi za mabasi pa msewu wa Chirundu, ndipo foni ya mayi wawo ikakhala chete masiku awiri, mtima umathamangira ku zoipa. Uthenga umodzi wa mawu asanu umakwanira.

Kumbukirani amene tikupita kukamulemekeza. Bernard Mizeki sanali wansembe, anali katekisiti, munthu wamba ngati ine ndi inu. Anabadwira kufupi ndi Inhambane ku Mozambique, anabatizidwa ku Cape Town mu 1886, ndipo mu 1891 anatsagana ndi Bishopu Knight-Bruce kupita ku Mashonaland, komwe anakhala pakati pa anthu a Mfumu Mangwende, naphunzira Chishona mpaka kuthandiza kumasulira mapemphero. Nkhondo itabuka mu 1896 anachenjezedwa kuti athawe, koma anakana kusiya anthu ake, ndipo mbiri imanena kuti pakhomo pake ankasunganso nkhalamba ina yosatha kuyenda. Anamubaya ndi mkondo usiku wa pa 18 June chaka chomwecho. Zingakhale zochititsa manyazi kupita pa malo a munthu wotere, kuimba usiku wonse, kenako n'kuzindikira tili ku Chinhoyi kuti mpando wa agogo uli wopanda munthu.

Komanso pa nthawi ya Misa foni ilowe m'thumba. Mwayenda mtunda wonsewo kuti mukagwade, zithunzi adzajambula ena.

Pa Sondo likudzali tikatuluka m'tchalitchi, onse a ulendo tikhalire pang'ono. Bweretsani mafoni anu, machaja, mapasipoti ndi cholembera. Achinyamata atithandiza kukonza manambala, ndipo tigawana awiriawiri pomwepo. Amene muli ndi amayi kapena agogo amene sali pa Facebook, chonde awerengereni uthengawu madzulo ano.