Jenereta Zotumiza Uthenga pa Foni m'Mafamu a Mashonaland

Msewu wochokera ku Harare kupita ku Chinhoyi umadutsa pakati pa minda ya tirigu. M'mwezi wa Julayi, tchire lonse litauma, minda ya kufupi ndi Banket imabiriwira ngati m'dzinja. Madzi ake amachokera m'madamu monga la Mazvikadei, ndipo amakokedwa ndi mapampu oyendera magetsi. M'makomboni a mafamuwa mumamveka Chishona ndi Chichewa, pakuti antchito ambiri ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzafuna ntchito kalekale.

Moyo wa anthuwa wamangika pa magetsi. M'chaka cha 2019, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, ZESA inkazimitsa magetsi mpaka maola 18 pa tsiku. Mu Novembala 2022, bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti makina a ku Kariba South ayambe aima, chifukwa Zimbabwe inali itamaliza madzi amene inapatsidwa chaka chimenecho. Tirigu akasowa madzi pa nthawi yotulutsa ngala, zokolola zimatsika, ndipo aganyu ndi amene amayamba kuchotsedwa.

N'chifukwa chake mafamu ambiri ali ndi jenereta za dizilo. Vuto ndi lakuti jenereta imakhala kudamu, kutali ndi nyumba. Ikazima pakati pa usiku, nkhani imadziwika m'mawa, munda utagona ndi ludzu.

Masiku ano pali kabokosi kamene kamaikidwa pa jenereta, kokhala ndi simu khadi ngati foni. Magetsi a ZESA akathima, chipangizo chosinthira magetsi chimalizitsa jenereta chokha, ndipo akabweranso chimaizimitsa. Kabokosi kaja kamayeza dizilo wotsala m'thanki, mphamvu ya oyilo, kutentha kwa injini, mphamvu ya batire ndi maola amene makina agwira. China chikalakwika, uthenga umafika pa foni ya kapitawo kapena makaniko. Dizilo akatsika msanga injini ili chete, amadziwa kuti thanki ikudontha kapena wina akupopa. Mitundu ina imalola munthu kuliza kapena kuzimitsa injini ali ku Chinhoyi.

Komabe uthengawo umadalira nsanja za Econet kapena NetOne, zimenenso zimafuna magetsi, ndipo m'zigwa zina netiweki imavuta. Kuliza injini uli kutali n'koopsa ngati makaniko manja ake ali mkati, choncho wokonza makina ayenera kuyamba watseka njira yolizira patali.

Kabokosi sikathira dizilo, sikasintha fyuluta, sikachotsa udzu wotseka pampu. Izi ndi ntchito za mlonda wa kudamu, amene amadziwa injini yodwala pongoimva kulira. Famu yogula chipangizochi ichite bwino kuika nambala ya mlondayo pa olandira uthenga, ndi kumuphunzitsa tanthauzo la chenjezo lililonse, chifukwa iye ndiye amakhala pafupi ndi makina usiku.