Yunifomu ya Heinrich

Anzanga akamati filimu ya nkhondo "yaonetsa zenizeni", nthawi zambiri amatanthauza kuti muli magazi ambiri. Mwendo ukaduka, matumbo akatuluka, amati eya, nkhondo ndi imeneyi. Ine ndimakana. Ambiri a ife tinakulira m'mavidiyo a pamsika, tikuonera Rambo akusesa gulu lonse yekhayekha, DJ akumasulira m'Chichewa, ife tikufa ndi phwete. Maso athu anazolowera magazi kalekale.

Tengani Saving Private Ryan ya Steven Spielberg, ya mu 1998. Mphindi zoposa 20 za pagombe la Omaha n'zoopsadi. Zitseko za maboti zikungotseguka, anyamata akugwa asanaponde n'komwe mchenga, wina akufunafuna mkono wake woduka mpaka kuutola. Koma Spielberg yemweyo ndi amene anayambitsa gemu ya Medal of Honor mu 1999, ndipo pofika 2002 gombe lija linali litasanduka malo oti mwana azisewerapo, akafa n'kuyambiranso. Mu Jarhead, ya mu 2005, muli asilikali a ku America amene akuonera Apocalypse Now asanapite ku Gulf. Mahelikoputa akuphulitsa mudzi wa ku Vietnam, iwo akukuwa ngati timu yawo yagoletsa. François Truffaut, katswiri wa mafilimu wa ku France, ananenapo kuti filimu iliyonse ya nkhondo imathera pokometsa nkhondoyo. Pa mafilimu ambiri ndimamuvomereza, koma osati onse.

Malo amene anandikhudza kwambiri mu All Quiet on the Western Front ya Edward Berger, ya mu 2022, ndi ochapira zovala. Filimuyi imayamba ndi msilikali wa ku Germany dzina lake Heinrich, amene akumukakamiza kutuluka m'ngalande n'kuthamangira kumene kukuchokera zipolopolo. Imfa yake sitiiona. Timangoona mitembo ikuvulidwa nsapato ndi majekete. Zovalazo azimanga m'mitolo, azitumiza kumbuyo, aziwiritsa m'madzi amene akusanduka ofiira, ndipo amayi ali pa mzere ndi makina osokera akuika zigamba pomwe panabooka. Kenako akubwera Paul Bäumer, mnyamata wa sukulu amene walembetsa usilikali ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Walandira yunifomu yake, koma wapezamo kansalu kolembedwa dzina la Heinrich. Akubwerera mwaulemu kukanena kuti chovalachi chili ndi mwini wake. Bwanayo akungothothola kansaluko, n'kumuuza kuti mwina chinamuthina mnzakeyo. Kansalu kakugwera pansi, pomwe pali tinzake tambirimbiri.

Amene anagulapo jekete pa kaunjika n'kupeza dzina la mlendo pa kolala akudziwa kamtima kamene kamabwera. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ife oonera tikudziwa kumene mwini wake ali. Apa palibe choti munthu aombere m'manja, ndipo sungapangepo gemu. Boma lakonza njira yonse, ya sitima, sopo ndi ulusi, yopulumutsira nsalu. Anyamata amangobwera okha kuchokera m'makalasi.

Kwa ine, filimu yonena zoona za msilikali woyenda pansi ndi imene imaonetsa masamu a anthu amene amamutuma. N'chifukwa chake Paths of Glory ya Stanley Kubrick, ya mu 1957, yakuda ndi yoyera, yopanda magazi ambiri, imaluma kuposa zambiri za masiku ano. Ndi mu 1916. Akuluakulu awiri a asilikali a France, Broulard ndi Mireau, akukambirana m'nyumba yachifumu zolanda kachitunda kotchedwa Anthill. Mireau akudziwa kuti n'zosatheka, koma atamva za kukwezedwa pa udindo, mtima wasintha. Akupita kwa Colonel Dax, amene ndi Kirk Douglas, n'kumuwerengera ndi mapelesenti: awa afa ndi mabomba athu omwe, awa pakati pa bwalo, awa pa waya waminga. Oposa theka. Amazinena ngati akuwerenga matumba a chimanga.

Kuukirako kutalephereka, pakufunika wina woti asenze mlandu wa mantha, ndipo asankhidwa anthu atatu. Mmodzi chifukwa anaona bwana wake akupha msilikali mnzawo, wina chifukwa bwana wake sakumufuna, wachitatu pa maere basi. Wachitatuyu wavulala mutu ali m'ndende, ndiye akumuombera atamumangirira pa machira oimiritsidwa. Nkhaniyi sinangochokera m'mutu. Buku la Humphrey Cobb limene filimuyi inachokera linatsamira pa zimene zinachitika ku Souain mu 1915, pamene France inaombera makopolo ake anayi ngati phunziro kwa ena. Ku France filimuyi sinaonetsedwe mpaka mu 1975.

Woopsa kwambiri mu filimuyi si Mireau waukali uja ayi, koma Broulard. Ndi munthu waulemu, wanzeru, wodziwa kulandira alendo. Dax atamenyera nkhondo anyamata ake, Broulard akumupatsa udindo wa Mireau, poganiza kuti zonsezo anali machenjera ofunira mpando. Sakutha kumvetsa kuti munthu angadandaule ndi asilikali atatu.

Apa ndi pamene ndimakangana ndi filimu ya Berger, ngakhale inatenga mphoto zinayi za Oscar. Kumapeto anaikako jenerale wina, Friedrichs, wodya nyama ndi vinyo pamene anyamata ali m'matope, amene akulamula kuukira kutatsala mphindi 15 kuti nkhondo ithe pa 11 November 1918. Paul akufera pamenepo. M'buku la Erich Maria Remarque zimenezi mulibe. Paul amafa mu October, tsiku labata, moti lipoti la asilikali linalibe choti linene, ndipo mutu wa bukulo m'Chijeremani, Im Westen nichts Neues, ukutanthauza kuti kumadzulo kulibe chatsopano. Mu filimu ya Lewis Milestone ya mu 1930 amaomberedwa akutambasula dzanja kuti agwire gulugufe. Berger watipatsa wamisala mmodzi woti timuloze chala, ndipo tikatero mtima umakhala pansi, ngati kuti vuto linali iyeyo. Chonsecho mbiri yeniyeni sinafunike wamisala. Pangano linasainidwa cha m'ma 5 koloko m'mawa, n'kugwirizana kuti mfuti zileke 11 koloko, ndipo tsiku limenelo anthu oposa 2,000 anafa, aliyense akungotsatira ndondomeko.

Nkhondo yomweyi inafikanso kwathu kuno, ndipo m'mafilimu onse ndatchulawa simupezamo nkhope yathu. Ku Karonga kunamenyedwa mu September 1914. Chaka chomwecho John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a kuno akufera mkangano wa eni chuma. Agogo athu anaitcha nkhondo ya chiwaya, dzina limene wolemba mbiri Melvin Page anapatsa buku lake, ndipo amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anatengedwa kukagwira ntchito ya tengatenga. Analibe mfuti. Ambiri mwa amene sanabwerere anaphedwa ndi njala, kamwazi ndi malungo, osati chipolopolo.

Nthawi zina ndimaganizira mmene filimu ya iwowa ingakhalire, ndipo ndikukayika ngati mwini vidiyo wa pamsika angaiike. DJ angasowe chomasulira. Mungakhale mzere wa anthu opanda nsapato, bokosi pamutu, mvula ikugwa, akutsatira Paul von Lettow-Vorbeck m'tchire la Mozambique kwa miyezi osamuona. Mmodzi akukhala pansi m'mbali mwa njira, kapitawo akutsitsa bokosi lake, akuyang'ana kumbuyo kuti aone amene angamusenzetse.