Katoni ya zimbale ku Mkoba

Ulendo wochokera ku Blantyre kupita ku Gweru umadya masiku awiri. Basi imadzera ku Mwanza, kulowa m'Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete ndi kukatulukira pa Nyamapanda. Iyi ndiyo njira imene makolo athu ambiri adadzera pomka ku Halale, ena wapansi, ena pa malole a Ulere. Ukafika ku Harare pamatsalabe makilomita pafupifupi 275, ndipo msewu wake umadutsa Kadoma ndi Kwekwe, kumene milu ya dothi lotuluka m'migodi imaoneka ngati mapiri osamera mtengo.

Mkoba ali kumadzulo kwa mzinda wa Gweru, umene mpaka 1982 unkatchedwa Gwelo. Ndi dera la nyumba zothithikana, logawidwa m'midzi yodziwika ndi manambala, kotero kuti kondakitala wa kombi safunsa dzina la msewu koma nambala ya mudzi. Mlendo amayamba wasokera asanazolowere. Mkoba mwini wake alibe mgodi, koma migodi ndiyo idamudyetsa. Miyala ya kromu inkasungunulidwa pa ng'anjo za Zimbabwe Alloys, ndipo amene sadali kung'anjo adali kufakitale ya nsapato ya Bata kapena kunjanji. Pamene ZISCO ya ku Redcliff idasiya kupanga zitsulo mu 2008, ndi mgodi wa Shabanie ku Zvishavane utalowa pansi, mabanja ambiri a m'makomboni adabalalika. Mwa iwo mudali ana ndi zidzukulu za matchona a ku Nyasaland, anthu amene Ashona amawatcha mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre.

Ndidapita kukapepesa azakhali anga amene adaferedwa amuna awo. Malemuwo adabadwira pakomboni ku Shurugwi, kwa bambo wa ku Dedza amene adapita kukagwira ntchito ya zaka ziwiri koma osabwereranso. Madzulo a tsiku loyamba, magetsi atathima ndipo ana atapita kukaima pamzere kumjigo, ndidapeza mdzukulu wawo wamkulu atakhala pakhonde ndi katoni yaikulu. Ankatulutsamo zimbale chimodzichimodzi, kuzipukuta ndi nsalu ndi kuzijambula pa foni. Agogo ake adasiya ma CD, ma DVD ndi magemu a PlayStation 2 amene amalume ake adabwera nawo kuchokera ku Johannesburg. Ndalama za mayeso a Fomu 4 zinkafunika mwezi womwewo, ndipo katoniyo ndiyo idali chuma chimene palibe wachibale adachilimbirana pogawa za masiye.

Malonda oterewa ali ndi njira yake kumaiko akutali. Ku Britain kampani ya musicMagpie, imene idayamba mu 2007 ndipo idagulidwa ndi AO World mu 2024, idatchuka chifukwa chogula zimbale zotha ntchito: munthu amalemba nambala ya timizere takuseri kwa chikuto, makina amamuuza mtengo, iye n'kutumiza katunduyo papositi. Mitengo yake imakhala yozizira kwambiri, chifukwa dziko lidachoka kale pa chimbale. Ngakhale Netflix, imene idayamba ndi kubwereketsa ma DVD papositi, idatseka ntchitoyo mu Seputembala 2023. Ku Mkoba msika ndi magulu a WhatsApp ndi masamba a malonda a pa Facebook. Wogulitsa amaika chithunzi, wogula amanenerera, kenaka amapangana pokumana, kaya pamashopu a Mkoba 6, kaya m'tauni pa wotchi ya Boggie kapena pa depoti ya Kudzanayi.

Mnyamatayo adali ataphunzira kale zinthu zingapo, zina mwa izo mowawa. Sapereka katundu asanaone ndalama, ndipo uthenga wonena kuti ndalama yalowa pa EcoCash saukhulupirira mpaka ataona yekha kuti m'thumba lake la pafoni mwaonjezekadi, pakuti mauthenga abodza otere ngofala. Amakonda madola a America ogwira m'manja. Sindikumudzudzula: mnyamata woleredwa ndi anthu amene adaona pepala la madola 100 thililiyoni mu 2009, ma bond note mu 2016 ndi ZiG mu 2024 adaphunzira msanga kufunsa kuti ndalama yake ndi yotani. Wogula wa ku Kwekwe kapena ku Zvishavane amamutumizira katundu kudzera kwa kondakitala wa basi, koma phindu la chimbale chimodzi limathera pomwepo, choncho amagulitsa m'mipukutu ya khumi.

Chimene chidandikhalitsa pansi ndi kasankhidwe kake. Ndidamuthandiza usiku umenewo ndi nyali ya sola, ndipo tidapanga milu itatu. Mulu waukulu udali wa zimbale zokopera, za mafilimu a ku Nigeria ndi a nkhondo, zija zinkagulitsidwa ziwiri pa dola imodzi m'misewu ndalama ya America itayamba kugwira ntchito mu 2009. Kuzizindikira n'kosavuta. Chimbale chochokera kufakitale chimakhala cha mtundu wa siliva kunsi kwake, ndipo pafupi ndi kabowo kapakati pamakhala timalemba ndi manambala odindidwa. Chokopera pa kompyuta chimaoneka chobiriwira kapena chofiirira ngati bulugama wa maluwa, chifukwa mawu ndi zithunzi zake zimalembedwa pa utoto wopyapyala umene kuwala kwa makina kumawotcha. Utoto umenewu umafooka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Zimbale za mulu uwu palibe adazifuna, ndipo ndidamulangiza kuti asaziike n'komwe pamalonda popeza ndi katundu wophwanya lamulo la umwini wa nyimbo ndi mafilimu. Ndi malonda omwewa amene adagwetsa makampani ojambula nyimbo monga Gramma Records ndi kusiya oimba ambiri akudalira zoimbaimba za m'mabala zokha.

Mulu wachiwiri udali wa zenizeni, ndipo m'menemo ndimo mudali ndalama. Magemu adatha msanga, pakuti makolo ambiri akadali ndi makina akale aja ndipo gemu ya pachimbale sifuna data. Pambuyo pake padabwera nyimbo za sungura zokhala ndi zikuto zake: Tongai Moyo, mwana wa ku Kwekwe amene adamwalira mu 2011, Nicholas Zakaria, ndi Alick Macheso, awiri otsirizawa onse a magazi a ku Malawi. Azakhali adachotsa chimbale cha Macheso cha mu 2000, Simbaradzo, n'kuchibisa m'chitenje. Adati malemu ankakonda nyimbo ya Chichewa imene ili mmenemo, ndipo imeneyo siigulitsidwa.

Pansi penipeni pa katoni padali zimbale zakuda zitatu za galamafoni, zimene mnyamatayo adafuna kutaya. Ndidamuletsa. Kampani ya ku Germany ya Analog Africa idayamba ntchito yake potulutsanso nyimbo zakale za Zimbabwe, za Green Arrows ndi za Hallelujah Chicken Run Band, gulu limene lidabadwira pa mgodi wa kopa wa Mhangura m'zaka za m'ma 1970 ndipo Thomas Mapfumo adaimbamo. Kuyambira pamenepo osonkhanitsa nyimbo a ku Ulaya ndi ku America amasakasaka zimbale za mtunduwu, ndipo pa tsamba la Discogs munthu angathe kuona mtengo umene chimbale chofanana ndi chake chidagulidwapo. Vuto ndi kulandira malipiro ndi kutumiza katundu kunja, zimene kwa mwana wa ku Mkoba zimafuna mbale wokhulupirika wa ku Joni kapena ku London. Komabe kudziwa mtengo kokhako kumamuteteza kwa wogula wochenjera.

Mulu wachitatu udali wa zimbale zinayi zokha, zopanda zikuto, zolembedwa ndi cholembera chakuda chimene chidafufutika. Mnyamatayo adali ataziponya kale ku mulu wotayidwa. Magetsi atabwera cha m'ma 11 koloko usiku tidaziyesa. Ziwiri zidakaniratu. Chachitatu chidali ukwati. Chachinayi chidayamba ndi fumbi ndi kulira kwa mbalule, kenaka padatulukira chilombo chovala nthenga, akazi akuwomba m'manja ndi kuimba m'Chichewa chakale chimene ngakhale kwathu ku Dedza sichimvekanso kawirikawiri. Udali mwambo wa chiliza cha mdala uja wa ku Dedza, pakomboni ku Shurugwi, wojambulidwa ndi munthu wa kamera yobwereka.

"Agogo, amene akuimba ng'omawo ndani?" adafunsa mnyamatayo m'Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona.

Azakhali sadayankhe msanga. Adali amuna awo, ali ndi mphamvu zawo.

Bungwe la UNESCO lidalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, potchula Malawi, Mozambique ndi Zambia. Madambwe a m'migodi ndi m'mafamu a Zimbabwe, kumene guleyu amatchedwa zvigure, sadatchulidwe, ndipo zambiri zimene zidajambulidwa za iwo zili m'makatoni ngati imeneyi. Anthu ake ndi omwe aja adasanduka alendo m'dziko lobadwira lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, mpaka malamulo aakulu a 2013 adazindikira obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC. Kwa banja limene lilibe kalata yakubadwa ya agogo, chimbale chotchula mudzi, mfumu ndi mfunda wa malemu pamanda chili ndi kulemera kwina. Inu alangizi ndi atsogoleri a magulu a maliro amene mumalowa m'makomo, funsaniko za zimbale zolembedwa pamanja. DVD imodzi imanyamula magigabaiti 4.7 basi, ndipo aliyense wokhala ndi kompyuta yowerenga zimbale angathe kuikopera pa fulashi ndi pa khadi ya foni isanafe.

Ife tidachedwa pang'ono. M'mawa mwake mphunzitsi wina wa pafupi adatibwereka laputopu, ndipo kanemayo adakopeka mpaka pamene mkulu wa dambwe amayamba kutchula mayina a makolo. Pamenepo chithunzi chidagawika timabokosi n'kuima. Tidapukuta chimbalecho kuchokera pakati kupita m'mphepete, monga amalangizira, tidayesa kanayi, koma mphindi zotsalazo sizidabwerere.

Mulu waukulu uja sitidauwotche, pakuti utsi wa pulasitiki yake ndi woipa pachifuwa. Azakhali ali ndi kamunda ka mapira ndi chimanga kuseri kwa nyumba zomalizira, kumene anthu a ku Mkoba amalima pa malo opanda nyumba. Tidamanga zimbalezo pa ulusi pakati pa mitengo kuti zizizungulira ndi mphepo, kung'anima kwake kuziopseza mpheta. Mbalame zimazolowera pakapita masiku, choncho azakhali adati azizisuntha Loweruka lililonse. Ndalama za mayeso zidaperewera pang'ono, ndipo ndidaonjezerapo. Fulashi imodzi idatsala ku Mkoba, ina ndidabwera nayo ku Dedza, kumene ndikufufuzabe munthu wachikulire amene angazindikire nyimbo za pachiliza chija ndi kundiuza mudzi wake.